Buku la X-Men la pa kaunjika ndi filimu imene sanapangebe

Bukuli ndinalipeza mwezi watha kwa mnyamata wina woyala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, litapanikizika pakati pa dikishonale yopanda chikuto ndi mabuku a sayansi a Fomu 3. Kunenepa kwake ngati njerwa. Pachikuto palembedwa X-Men Epic Collection: Second Genesis, ndipo mkatimo asonkhanitsamo nthano zazithunzi za kampani ya Marvel zoyambira mu 1975. Mnyamatayo anatchula mtengo wokwera, koma nditamuonetsa ngodya imene inanyowapo ndi mvula, tinamvana. "Bwana, limeneli ndi la ana," anatero pondipatsa chenji. Ndinavomera kuti ndagulira mwana wanga. Bodza lenileni. Mwanayo analigwira patapita masiku anayi, ine nditamaliza.

Ndiyambe ndi bukulo lenilenilo. Pepala lake ndi lopyapyala koma silionetsa za kuseri, utoto ndi wowala, wachikasu ndi wofiira wake wochita kuthobwa m'maso. Vuto lili pamsana. Buku lonenepa chonchi analimata ndi guluu basi, osasoka, ndiye ukalitambasula kwambiri kuti uone chithunzi chodutsa masamba awiri, limalira kuti thee. Langali masamba atatu apakati anayamba kale kugwedera, koma sindingaimbe mlandu osindikiza, poti sindine woyamba kulipinda. Mukaligula, musalisiyire mwana woliwerenga atagona chafufumimba pamkeka.

Kwa amene X-Men anaidziwira mu filimu, mbiri yake ili motere. Stan Lee ndi Jack Kirby anayambitsa gululi mu 1963: achinyamata asanu obadwa ndi mphamvu zachilendo, ophunzitsidwa ndi Professor X, mphunzitsi wa panjinga ya olumala amene amamva maganizo a anthu. Malonda sanayende bwino, moti kuchokera mu 1970 ankangosindikizanso nkhani zakale. Mu 1975 mlembi Len Wein ndi wojambula Dave Cockrum ndiwo anaukitsa maliro, ndipo bukuli likuyambira pamenepo.

Masamba oyambirirawo ndi amene akubweza ndalama yanu yonse. Gulu lakale lagwidwa pachilumba cha Krakoa, ndiye Professor X akuzungulira dziko kufunafuna anthu atsopano. Ku Germany akupulumutsa Nightcrawler kwa chikhamu cha anthu onyamula miyuni, ofuna kumupha chifukwa khungu lake ndi labuluu ndipo ali ndi mchira. Ku Siberia akupeza Colossus, mnyamata wa pafamu amene wasandutsa thupi lake chitsulo kuti atchinjirize mlongo wake wamng'ono ku thirakitala. Wolverine akumutenga ku boma la Canada, Banshee ndi wa ku Ireland, Sunfire wa ku Japan, Thunderbird ndi Mu-Apache wa ku Arizona. Aliyense amupatsa malo ochepa chabe, koma umachoka ukumudziwa.

Kenako ku Kenya. Apa ndinaika kapu ya tiyi pansi. Kuli chilala, anthu abwera kudzadandaulira mayi wa tsitsi loyera, dzina lake Ororo, ndipo akulonjeza kumuphera mbuzi ndi nkhuku. Iye akukana ziwetozo, akuti azisunge okha, kenako akukwera m'mwamba ndi mphepo, mvula n'kugwa. Amene anamvako za Makewana wa ku Msinja, kapena za nsembe zopempha mvula kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, sangaone chachilendo pachithunzichi. Chondinyansa n'chakuti Kenya wawoyo alibe nkhope. Mudzi wopanda dzina, anthu opanda chilankhulo, akungogwada. Ku Germany anajambula misewu ndi madenga a nyumba, kuno anangojambula thanthwe ndi thambo. Ndipo mzungu uja, Professor X, akangofika n'kumuuza kuti si mulungu koma munthu wobadwa ndi mphamvu, iye akunyamuka tsiku lomwelo. Nanga mvula ya chaka chamawa adzagwetsa ndani? Bukulo silifunsa.

Funso limenelo ndi limene lakhala likundipangitsa filimu m'mutu ndikakhala mu minibasi. Mafilimu alipo kale, ndikudziwa. Ya mu 2000 inali ndi Hugh Jackman ngati Wolverine ndi Halle Berry ngati Storm, dzina la ntchito la Ororo uja. Ndinaionera m'kanyumba ka vidiyo kofolera ndi malata, titakhala pamabenchi, ndipo ndinaikonda. Koma Storm wa m'menemo ntchito yake inali kuima kumbuyo, maso n'kuyera, mphezi n'kung'anima, kamera n'kubwerera kwa Wolverine. Mu 2016 anamuonetsako ali mtsikana wakuba m'misika ya Cairo, akuseweredwa ndi Alexandra Shipp, komabe kanali kamphindi chabe.

Chonsecho nkhani yake yonse ili m'buku lomweli. Chris Claremont, amene anatenga cholembera kwa Wein n'kukhala nacho mpaka 1991, akutifikitsa ku nyumba yachifumu yakale ku Ireland, kumene gululi likumenyana ndi chimphona chotchedwa Juggernaut m'zipinda za pansi pa nthaka. Mayi wolamula mphepo uja wangodzikunyata pakona, akunjenjemera, anzake akuswedwa. Chifukwa chake? Anabadwira ku New York, bambo ake wojambula zithunzi wa ku America, mayi ake mwana wa mfumu ku Kenya. Ali wamng'ono ku Cairo, ndege yankhondo inagwera nyumba yawo, makolo n'kufa, iye n'kukwiririka m'zigumukire pafupi ndi mtembo wa mayi ake. Kuyambira pamenepo malo opanikiza amamutha mphamvu. Anakulira kuba m'misewu, kenako anayenda wapansi kulowera kumwera mpaka kwawo kwa mayi ake.

Filimu yanga ikanayambira m'zigumukiremo, mumdima, kukumveka kupuma kwa mwana basi. Theka loyamba lonse likanakhala ulendo wapansiwo. Professor X akanafika mochedwa, ndipo akulu a mudzi akanamukhazika pampando n'kumufunsa bwinobwino kuti akamutenga mwana wawoyu awasiyira chiyani. Ochita sewero akanalankhula Chiswahili kapena Chikikuyu chenicheni, osati Chingerezi chopotokola lilime chija amati ndi cha ku Africa. Wolverine akanalowa ngati mlendo wamwano wa patebulo, osati mwini nyumba. Popeza Disney inagula Fox, kampani imene inkapanga mafilimuwa, mu 2019 ndipo mafilimu a X-Men anabwerera m'manja mwa Marvel, mwina tsiku lina adzayambiranso. Sindikuyembekeza kuti adzandifunsa.

Zina zofooka m'bukuli ndizitchule mwachangu. Anthu ake amalankhula kwambiri. Munthu ali m'malere, chibakera chili panjira, koma akufotokoza ndime yathunthu ya mmene mphamvu yake imagwirira ntchito. Mwana wanga anafika potopa. "Adadi, ameneyu amenya liti?" Chingerezi chake n'chakalenso, moti wa ku pulayimale adzafuna womuthandiza. Thunderbird anamupha msanga, pa ulendo wachiwiri wokha, ataumirira kukhala pandege yophulika, ndipo ine ndinaona ngati olembawo anangosowa chochita naye. Chakumapeto John Byrne akulowa m'malo mwa Cockrum, zithunzi zikuyera bwino, koma ine mtima wanga unatsalira kwa Cockrum, amene zovala zake za Storm ndi Nightcrawler mpaka lero palibe wazipambana.

Ndiye kodi mugule? Ngati mwalipeza pamtengo wa kaunjika, musachedwe n'kunenerera. Ngati mukuitanitsa latsopano kudzera kwa m'bale wa ku Johannesburg, ganizani kawiri, pokhapokha ngati mumakonda nthano zakale zotere, chifukwa nkhani zina zapakati, monga ya chiwanda chotuluka m'chulu cha miyala, n'zongodzazira masamba.

Langa ndalimata ndi selotepi pamsana. Dzulo ndinadutsanso kwa mnyamata uja kukafunsa ngati ali ndi buku lotsatira. Anafufuza m'katoni, n'kunditulutsira buku lophunzitsa kuweta akalulu.