Scope ya Leupold 3-9x40 pa mfuti yanga ya gogodela

Kuno ku Indiana, ku America, timasaka agwape ndi mfuti ya gogodela mu Disembala, masamba atayoyoka. Poyamba ndinaikapo scope (galasi loyang'aniramo polunjika mfuti) yokuza zinthu ka 18. Gwape atatulukira pa mamita 30, m'galasimo ndinangoona ubweya wokhawokha, pomufunanso n'kuti atalowa m'tchire. Zinandiwawa, chifukwa mfutiyi imawombera kamodzi, kuthiranso wonga kumadya nthawi.

Pano ndili ndi scope ya Leupold VX-Freedom 3-9x40, yokuza zinthu kuyambira ka 3 mpaka ka 9, ndipo ndaikonda. M'nkhalango ndimaisiya pa 3, imaonetsa malo aakulu ngakhale m'bandakucha. M'minda yokololedwa chimanga ndimafika pa 6. Pa 9 ndimangoyeserapo mfuti. Diso limakhalanso patali ndi galasi, moti mfuti ikakankha, scope siyikumenya pansidze. Kupitirira mamita 150 sindiwombera, chipolopolo cholemerachi chimatsika msanga.