Tupa wotha mano kapena sipuling'i ya galimoto?

Wofuna kudzisulira mpeni muno mu Zomba ayambe ndi tupa wotha mano. Ali ndi kaboni wambiri (chinthu chomwe chimalimbitsa chitsulo), choncho mpeni wake subuntha msanga, ndipo umatumbula bwino mlamba wa ku Chilwa. Vuto lake ndi kubenthuka: mukadulira fupa la mbuzi, mwauwononga. Muyambe mwamufewetsa pamoto, apo ayi gilayinda ivutika.

Sipuling'i ndi yokhuthala, imadya makala ambiri, ndipo pofika madzulo mkono wa nyundo umakhala utalema. Komatu chikwanje chake chimapirira nkhuni ndi nsungwi. Ingoyang'anitsitsani ming'alu musanagule, chifukwa misewu yathuyi imazitopetsa.

Polimbitsa zonse ziwiri, tenthetsani kupitirira pang'ono pomwe maginito amasiya kugwira, cha pa 770°C, kenaka viikani m'mafuta.