Cloud chamber ya magetsi: makina ali bwino, koma za pakatoni n'zokokomeza

Cloud chamber imeneyi, kabokosi koonetsa mizere imene tinthu tosaoneka ndi maso timasiya tikamadutsa, ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kabuku kamene kamabwera m'katoni, makinawo alibe mlandu.

Ndimaphunzitsa fizikisi ana a A-Level kuno ku Harare, ndipo Loweruka ena amabwera kunyumba ku Mabvuku kudzabwereza maphunziro. Ambiri ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu kalekale, choncho m'kalasi mwathu Chichewa ndi Chishona zimangosakanikirana. Kabokosika ndinaitanitsa pa intaneti, mlamu wanga n'kundibweretsera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Mtengo wake si wamasewera.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Pansi pali chitsulo chakuda chimene chimazizira ndi magetsi, pamwamba pali chivundikiro choonekera mkati, ndipo kudenga kwake kuli kansalu kamene mumanyowetsa ndi isopropyl, mtundu wina wa sipiriti. Nthunzi yake imatsika, n'kuzizira kwambiri pafupi ndi chitsulocho, moti kanthu kalikonse kokhala ndi chaji kakadutsapo kamasiya mzere wa timadontho. Nzeru ya cloud chamber ndi ya C.T.R. Wilson wa ku Scotland, amene anapanga makina oyamba mu 1911. Mu cloud chamber ndi mmene Carl Anderson anaonera positron, kanthu kofanana ndi electron koma ka chaji yosiyana, mu 1932.

Anzanga aphunzitsi, musataye nthawi ndi sipiriti yapepo ija ya m'masitolo. Kwa ine siinagwire. Pamafunika isopropyl ya 99 peresenti, ndipo ine ndinaipeza kwa anyamata okonza mafoni m'tauni. Chipinda chikhale cha mdima, tochi muiunikire chapambali, motsika ndithu. Mu June ndi July makinawa amayamba msanga, koma kutentha kwa mu October amavutika, chitsulo chimalephera kuzizira mokwanira mpaka mutaika botolo la madzi oundana kumbuyo kwa feni. Magetsi akathima amayenda pa inveta, koma batire amaidya modetsa nkhawa, ndipo feniyo imasokosa.

Zikagwira, mumayamba kuona kankhungu kakugwa pang'onopang'ono pamwamba pa chitsulo. Kenako mwadzidzidzi mzere woyera, wowonda, wowongoka, umadula kuchoka mbali ina kukafika ina, n'kusungunuka musanalozere mnzanu. Imeneyo ndi muon, kanthu kofanana ndi electron koma kolemera kwambiri. Ina imakhala yaifupi, yonenepa: ameneyo ndi alpha wochokera ku mpweya wa radon, umene suchokera kumwamba konse, umatuluka m'nthaka ndi m'miyala. Harare wakhala pa miyala ya granite, yangati ija yosanjikizana ya ku Epworth, ndiye timizere tonenepati musadabwe nato. Tina timapindikapindika, amenewo ndi ma electron. Kabuku sikasiyanitsa zonsezi, kamangoti chilichonse chimene mwaona chachokera ku nyenyezi.

Pakatoni analemba kuti mudzaona kuwala kwa nyenyezi zophulika, n'kujambulapo chithunzi cha Crab Nebula, mabwinja a nyenyezi imene akatswiri a ku China anaiona itaphulika mu 1054. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga atawerenga zimenezo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kamzere aka kachokera ku nyenyezi iti?" Funso labwino, ndipo yankho lake n'lakuti palibe angaloze.

Muon imene yadutsa m'bokosimo yabadwira pompano, makilomita pafupifupi 15 pamwamba pathu. Chochokera kutali ndi cosmic ray, kanthu kothamanga kwambiri ka m'mlengalenga, imene nthawi zambiri, pafupifupi 90 pa 100 alionse, imakhala proton. Ikagunda mpweya wa kumwamba imaswa zinthu, pamatuluka tinthu tosakhalitsa totchedwa ma pion, ma pion n'kusanduka ma muon. Muon imakhala ndi moyo ma microsecond 2.2 okha, nthawi yokwana kuyenda mamita pafupifupi 660, komabe imafika pansi chifukwa pa liwiro limenelo nthawi yake imayenda pang'onopang'ono. Kwa ine apa m'pamene ndalama yanga inabwerera: ana amaona ndi maso zimene Einstein ananena. M'mphepete mwa nyanja yamchere muon imodzi imadutsa pa sikweya sentimita iliyonse pa mphindi, ndipo kuno, pamene tili mamita pafupifupi 1,500 pamwamba, zimachulukirapo. Musayembekeze mizere yambiri chotero. Zambiri zimatsika chowongoka, pomwe malo ogwira m'bokosimo ndi opyapyala, choncho mizere yaitali imachokera kwa zokhazo zimene zabwera mopendekeka.

Nanga proton ija yachokera kuti? Victor Hess anakwera ndi baluni kupitirira mamita 5,000 mu 1912 n'kupeza kuti mphamvu zimene lero timati ma cosmic ray zimachuluka munthu akamakwera. Mu 1934 Walter Baade ndi Fritz Zwicky anati gwero lake lingakhale ma supernova, nyenyezi zophulika, ndipo mu 1949 Enrico Fermi anafotokoza mmene maginito a m'mlengalenga angakankhire tinthuti mpaka kufika pa liwiro loopsa. Vuto n'lakuti proton ili ndi chaji, maginito a mu mlalang'amba wathu amaikhotetsa kwa zaka mamiliyoni. Imafika ngati chidakwa chimene chazungulira mudzi wonse: kumene chatulukira sikukuuzani kumene chamwera.

Ma gamma ray, kuwala kwa mphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso, ndiwo sakhota. Proton yothamanga ikagunda mpweya umene uli pafupi ndi mabwinja a nyenyezi, pamabadwa pion yopanda chaji imene imasweka kukhala ma gamma ray awiri, ndipo awa amabwera molunjika kuchokera kumeneko. Koma m'kabokosi kanga sangaonekemo, mpweya wa dziko lapansi umawatsekereza. Amene amawaona ndi aneba athu ku Namibia, pa matelesikopu a H.E.S.S. amene ali ku Khomas Highland pafupi ndi Gamsberg. Iwo amajambula kung'anima kwa buluu kumene gamma ray imayambitsa ikalowa mumpweya. Mu 2004 anatulutsa chithunzi cha mabwinja otchedwa RX J1713.7-3946 akuwala ma gamma ray. Mtsutso unatsalabe, poti ma electron nawonso amatha kutulutsa kuwala kotere. Mu 2013 setilaiti ya Fermi, imene inaulutsidwa mu 2008, inapeza chizindikiro cha ma pion pa mabwinja ena awiri, IC 443 ndi W44, umboni woti kumeneko ma proton akukankhidwadi. Chimene akatswiri akulimbana nacho n'chakuti kodi mabwinja amenewa angakankhe proton mpaka pa 3 PeV (PeV ndi muyeso wa mphamvu yaikulu kwambiri ya kanthu kamodzi), pamene chiwerengero cha ma cosmic ray chimayamba kutsika mofulumira. Malo ofufuzira a LHAASO ku Sichuan analengeza mu 2021 kuti aona gamma ray ya 1.4 PeV, ndipo mwa magwero amene akuganiziridwa muli ma pulsar, zotsalira za nyenyezi zophulika zimene zimazungulira mofulumira, ndi magulu a nyenyezi zazikulu zazing'ono msinkhu.

Zonsezi zikanakwana pa masamba awiri. M'malo mwake kabukuko kadzaza ndi zithunzi zokongola ndi Chingelezi chothyokathyoka, moti ndinachita kulemba pepala langa logawira ana.

Kwa mphunzitsi kapena kalabu ya sayansi, gulani. Kwa kholo lofuna choseweretsa cha mwana wa pulayimale, ayi: isopropyl imayaka moto, ndipo pamafunika kudekha mu mdima kumene mwana wamng'ono sangakwanitse. Pulagi yake ndi ya mano awiri ozungulira, siilowa m'masoketi athu a mano atatu, ndiye mugulirenso adaputala, ndipo wogulitsa mumuuze atumize kansalu kena kapadera chifukwa kanga kayamba kale kumatuka.