Rodi ya silinda yapindika: kuwongola kapena kugula ina?

Anzanga ogwira ntchito pa mathirakitala onyamula katundu kuno ku Johannesburg, rodi ya silinda ya haidiroliki (ndodo yachitsulo yomwe imakankhidwa ndi mafuta ponyamula katundu) ikapindika, ambiri timathamangira kukaiwongola pa presi (makina opanikiza zitsulo) chifukwa mtengo wake ndi wochepa. Zimatheka ngati yapindika pang'ono ndipo kromu (chitsulo chonyezimira chokutira rodi) sinang'ambike. Koma kromu ikangosweka, imadya masilu (mphira zotchinga mafuta), mafuta n'kuyamba kudontha, ndipo chitsulo chowongoledwa chimakhala chitafooka kale pamalo omwewo.

Ine ndimasankha rodi yatsopano. Amakaniko a ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg, amadula chitsulo cha kromu cha muyezo womwewo, kudinda mazinga, n'kuwotcherera diso lakale (mphete ya kumapeto kwa rodi yolowetsamo pini). Masilu muwasinthiretu tsiku lomwelo, ndipo muyang'ane mkati mwa silinda ngati simunakalike, chifukwa ndowa ya thirakitala yodzaza dothi imatsamira pa silinda imeneyo.