Mmisiri wa ku Mangochi amene amayamba wayeza asananene kuti mota yapsa

Mota za stepper, zimene zimazungulira m'masitepe ang'onoang'ono ofanana, zikayamba kuvuta pa makina odzipangira nokha a CNC, amene ndi makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta, anthu ambiri amafulumira kunena kuti zapsa ndipo mugule zina. Kuno ku Mangochi malangizo oterewa ndi owawa, chifukwa mota ya saizi yotchedwa NEMA 23 muyenera kuchita kuitanitsa kutali, n'kumadikira ntchito za makasitomala zili chiimire. N'chifukwa chake ndikufuna kuyamikira bambo wina wokonza mawailesi ndi zipangizo za sola, amene ali ndi kashopu kufupi ndi msika wa pa boma, ngakhale kuti si zonse zimene zinandisangalatsa.

Makina anga ndimasemera zikwangwani za malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, makamaka pa matabwa a mbawa ndi mlombwa, ndipo amayendetsedwa ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino Uno kokhala ndi pulogalamu yolamulira makina yotchedwa GRBL, madiraiva a DM542 (timabokosi topereka magetsi ku mota) ndi magetsi a 36V. Mwa mota za X, Y ndi Z, zimene iliyonse imayendetsa makina mbali yake, ya X, imene ndinaigula yogwirapo kale ntchito, inkangonjenjemera n'kumalira osazungulira. Bambowa atafika sanalabadire n'komwe za mitundu ya mawaya, ponena kuti mafakitale sagwirizana pa mitunduyo. Anazimitsa magetsi, anamasula mawaya onse anayi, kenako anayamba kugunditsa awiriawiri uku akupotokola shafiti, kachitsulo kozungulira ka mota, ndi zala. Pamene shafiti inalimba, anadziwa kuti mawayawo ndi a koyilo imodzi, anatsimikiza ndi mita yawo yoyezera magetsi, n'kuwalumikiza ku diraiva pa A+ ndi A-, enawo pa B+ ndi B-. Mota inazungulira bwinobwino. Anandichenjezanso mwamphamvu kuti ndisamazule waya wa mota diraiva ili ndi magetsi, chifukwa imeneyo ndiyo njira yachidule yowotchera diraiva.

Pamene ndinaona luso lawo lenileni ndi pa mota ya Y, imene inkaphonya masitepe mpaka zilembo kupendekeka, komanso inkatentha moti dzanja silikanatha kukhalapo, makamaka masana a mu Okutobala pamene shedi ya malata imasanduka ng'anjo. Anawerenga 2.8A, mphamvu ya magetsi yolembedwa pa mota, anayerekeza ndi tebulo la pa diraiva, limene lili ndi mizere iwiri, wa Peak (mphamvu ikafika pamwamba penipeni) ndi wa RMS (mphamvu yapakatikati), ndipo anatsitsa mphamvu pogwiritsa ntchito maswichi a pa diraiva, SW1 mpaka SW3. Anasinthanso SW4 kuti mota ikaima izilandira theka la mphamvu m'malo momangodziwotcha chabe. Koma sanalekere pomwepo, popeza kutentha pakokha sikunkafotokoza kuphonyako. Anapotokola sikuluwu yaitali yoyendetsa tebulo ndi dzanja kuchokera kumapeto mpaka kumapeto ena, ndipo anapeza malo amene utuchi wosakanikirana ndi girisi unali utauma gwa, moti mota inkakanika pamenepo ikamathamanga. Munthu amene amakhulupirira zamagetsi zokhazokha sakanaganiza zoyang'ana kumeneko.

Vuto la mota ya Z linatha msanga. Anajambula mzere ndi cholembera pa shafiti ndi pa cholumikizira chake ku sikuluwu, makina anayenda pang'ono, mzere uja unasiyana, ndipo zinaonekeratu kuti kabawuti kakang'ono kanali katakhwepa.

Chofooka chawo chachikulu ndi mbali ya kompyuta. GRBL saidziwa kwenikweni, choncho kutsitsa nambala ya mu pulogalamuyi yotchedwa $121 kuti mota ya Y isamanyamuke mwadzidzidzi, komanso kuwerengera $100 mpaka $102, nambala zonena masitepe pa milimita a mota iliyonse, ndinachita ndekha. Kwa amene sadziwa, mota ya madigiri 1.8 imayenda masitepe 200 kuti izungulire kamodzi, ndipo mukaika diraiva pa timasitepe 1600 pa kuzungulira kumodzi, sikuluwu imene imasuntha mamilimita 8 pa kuzungulira kulikonse imafuna masitepe 200 pa milimita. Kashopu kawo kalibenso madiraiva kapena mota zosinthira, ndipo mtengo sautchula ntchito isanayambe, zimene zingachititse kasitomala wina kukayika, ngakhale kuti ndalama imene anandiuza pomaliza inali yochepa poyerekeza ndi mtengo wa mota imodzi yatsopano.

Ngati makina anu akunjenjemera, akutentha kapena akuphonya masitepe, bambowa ndi oyenera kuwaitana, koma muwaitanire pamalo pamene pali makinawo m'malo mongowapititsira mota yokha, ndipo mugwirizane nawo mtengo asanagwire chilichonse. Mukumbukirenso kuti Lachisanu masana amatseka kupita kumzikiti.