Resveratrol, NMN ndi nicotinamide: ndi uti angateteze ku khansa?

Anzanga akhala akundifunsa kuti pakati pa resveratrol (chinthu chopezeka m'makoko a mphesa) ndi NMN (chinthu chimene thupi limapangira NAD+) agule uti, chifukwa ogulitsa amati makapisozi amenewa "amadzutsa ma sirtuin" n'kuteteza munthu ku khansa.

Ma sirtuin ndi mapuloteni 7, SIRT1 mpaka SIRT7, ndipo onse amadalira NAD+, chinthu chimene maselo amagwiritsa ntchito potulutsa mphamvu m'chakudya, kuti agwire ntchito. Koma pa khansa sakokera mbali imodzi. SIRT6 imathandiza kukonza DNA yowonongeka ndipo imaletsa maselo a chotupa kudya shuga mopambanitsa. SIRT1 imafooketsa p53, puloteni yolamula selo lowonongeka kuti life. Ndiye kuidzutsa mwa munthu amene ali kale ndi chotupa kungathe kuthandiza chotupacho.

Resveratrol ndiye amandikwiyitsa kwambiri. Wachibale wanga ankamwa ali pa chemotherapy osauza dokotala, atakhulupirira zolembedwa pa botolo. Mbiri ya resveratrol inakula mu 2003 kuchokera pa kafukufuku wa mu labotale woonetsa kuti amadzutsa ma sirtuin. Mu 2008 kampani ya mankhwala ya GlaxoSmithKline inagula Sirtris, kampani yofufuza za mankhwala odzutsa ma sirtuin, ndi madola 720 miliyoni chifukwa cha chiyembekezo chimenechi. Mu 2010 kuyesa kwa SRT501, mtundu wa resveratrol, pa odwala multiple myeloma (mtundu wa khansa ya m'magazi) kunaimitsidwa odwala ena atadwala impso, ndipo mu 2013 Sirtris inatsekedwa. Komanso resveratrol akamwedwa, matumbo ndi chiwindi zimamusintha msanga moti wotsala m'magazi ndi wochepa kwambiri. Zonsezi pa botolo palibe.

NMN imakwezadi NAD+ m'magazi. Koma maselo a khansa nawonso amafuna NAD+ yambiri kuti achulukane, n'chifukwa chake asayansi anayesa mankhwala monga FK866 oti aichepetse m'chotupa.

Nicotinamide, yemwe ndi mtundu wa vitamini B3, ndamuwonjezera ndekha. Mu labotale amafooketsa ma sirtuin, komabe ndiye ali ndi umboni pa anthu. Ku Australia mu 2015, mwa anthu 386 amene anadwalapo khansa ya pakhungu, amene ankamwa mamiligalamu 500 kawiri pa tsiku anapezeka ndi zotupa zatsopano za pakhungu zosakhala melanoma (mtundu woopsa kwambiri wa khansa ya pakhungu) zochepa ndi 23 pa 100 poyerekeza ndi amene sanamwe nicotinamide. Pa anthu opatsidwa ziwalo za ena, kafukufuku wa 2023 sanapeze phindu.

Ine resveratrol ndi NMN sindingagule pofuna kupewa khansa. Amene muli pa mankhwala a khansa, musamwe chilichonse mwa zitatuzi dokotala wanu asanavomereze.