Mabuku asanu a Eric Carle: lotchuka kwambiri silinakhale loyamba m'kalasi mwanga

Ndimaphunzitsa ana a zaka 6 ndi 7. Teremu yathayi ndinaganiza zoti pa nthawi yowawerengera nkhani mokweza, ndikakamire mlembi mmodzi yekha m'malo modumphadumpha. Ndinagula mabuku asanu a Eric Carle, mlembi komanso wojambula wa ku America amene anabadwa mu 1929 n'kumwalira mu 2021. Pano mabukuwo ayamba kupindika m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndiye ndikhoza kunenapo zimene ndaona. Onse pamodzi ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Nyenyezi imodziyo yapita chifukwa cha kukula kwa mabuku. Ndinaitanitsa pa intaneti, ndipo wogulitsayo sanalembe msinkhu wake poonekera. Phukusi litafika, awiri anali timabuku ting'onoting'ono ta masamba olimba ngati katoni, toyenera khanda lokhala pamwendo pa mayi ake. Inenso ndili ndi mlandu, sindinafunse. Aphunzitsi anzanga, funsani kaye masentimita musanalipire. Buku limene mwana wakumbuyo sakuliona, ndiye kuti mwawerengera ana a mzere wakutsogolo okha.

Buku limene linatenga malo oyamba ndi From Head to Toe, la mu 1997, ndipo sindinkaliyembekezera konse. Mulibe nkhani yeniyeni. Nyama iliyonse imachita kanthu ndi chiwalo chimodzi n'kufunsa mwana ngati iyenso angathe: kadyamsonga apinda khosi, njati ikweza mapewa, gorila adziguguda pachifuwa, bulu aponya mateche, njovu iponda pansi mwamphamvu. Tsiku loyamba ndinalakwitsa, ndinawerenga ana atakhala pansi mothinana. Titafika pa bulu, wina analira. Kuyambira pamenepo timaimirira kaye, aliyense atambasule manja kuti aone ngati sakukhudza mnzake. Chimene chinandigwira mtima ndi mwana wina wamanyazi amene sankayankha funso lililonse m'kalasi. Pa buku ili sankafunika kulankhula, thupi ndi limene linkayankha. Pofika sabata yachitatu mawu anali atayamba kutuluka okha pamodzi ndi anzake. Kwa ana amene Chingerezi si chinenero chawo choyamba, mayina a ziwalo amalowa msanga chifukwa chiwalocho akuchigwiritsa ntchito pomwepo.

Lachiwiri ndi The Very Busy Spider, la mu 1984. Ziweto zimabwera imodziimodzi kudzaitana kangaude kuti akachite nazo zina, iye osayankha, ali kalikiliki kuluka ukonde wake. Chiganizo chimodzi chimabwerezedwa pafupifupi tsamba lililonse, ndiye ndikafika pamenepo ndimangokhala chete, ana n'kumalizitsa okha. Ulusi wa ukondewo anausindikiza motukuka moti chala chimaumva. Zimenezi n'zabwino, koma konzekani: aliyense afuna kukhudza. Ine ndimawerenga kaye mpaka kumapeto, pamene kadzidzi amafunsa mwini ukonde koma kangaude ali m'tulo, kenako buku limazungulira pa nthawi ina.

Nanga The Very Hungry Caterpillar, limene aliyense amalitchula? Ndaliika pachitatu, ndipo ndikudziwa kuti ena sagwirizana nane. Ndi buku labwino zedi, n'chifukwa chake lakhala likuwerengedwa kuchokera mu 1969. Kambozi kamaswa Lamlungu, Lolemba kadya apozi limodzi, Lachiwiri zipatso ziwiri, mpaka malalanje asanu Lachisanu, Loweruka kadya zosakanizasakaniza m'mimba n'kupweteka, pomaliza kasanduka gulugufe. Masiku a sabata ndi kuwerenga manambala zili momwemo popanda mwana kuzindikira kuti akuphunzira. Vuto ndi loti kukoma kwake kwenikweni kuli pa timabowo ta m'masamba, toti mwana alowetsemo chala, ndi masamba a zipatso amene ali ofupikafupika. Zimenezo ndi za mwana mmodzi kapena awiri. Pagulu, akumbuyo amangomva akutsogolo akuseka. Komanso ili linali limodzi mwa awiri amene anabwera aang'ono, mwina ndikuliweruza mopanda chilungamo. Tsamba lomaliza lokha, la gulugufe wodzaza masamba awiri, limafika mpaka kukhoma. Pamenepo kalasi yonse imati zii, kenako "Aphunzitsi, bwerezaninso!"

The Grouchy Ladybug, la mu 1977, landipatsa maganizo awiri. Kachilombo kofiira ka madontho akuda kamayenda tsiku lonse kuputa ndewu, kuyambira pa mavu, kudutsa pa fisi, chipembere ndi njovu, mpaka pa nangumi amene amakamenya ndi mchira n'kukabwezera komwe kanachokera. Masamba amakula pamene nyama zikukula, ndipo pamwamba pali kawotchi kosonyeza nthawi. Ndinkati ndiphunzitsire nthawi, koma kawotchiko n'kakang'ono, ndinachita kubweretsa wotchi yanga ya katoni. Ndipo mawu oputa ndewu aja ana amawagwira msanga kuposa phunziro la ulemu limene lili kumapeto. Sabata imeneyo ndinawamva pabwalo kangapo. Liwerengeni tsiku limene muli ndi mpata wokambirana pambuyo pake, osati belu litatsala pang'ono kulira.

The Tiny Seed, la mu 1970, mawu ake ndi ambiri. Ana anga anayamba kuyasamula kanjere kasanamere n'komwe. Ndinalibwereketsa kwa mnzanga wa kalasi ya ana okulirapo, amene akuphunzitsa za zomera, ndipo akuti kwa iye likuyenda bwino.

Phindu lokakamira mlembi mmodzi ndinaliona cha pakati pa teremu. Carle ankapaka utoto pa mapepala opyapyala, n'kuwadula, n'kuwamata kuti apange nyama, kawirikawiri pa tsamba loyera lopanda zambiri. N'chifukwa chake zithunzi zake zimaoneka patali. Tsiku lina ndinanyamula Brown Bear, Brown Bear, What Do You See? la ku laibulale, dzina la mlembi nditaliphimba ndi dzanja. Manja anakwera: "Ndi a Carle!" Analondola theka. Zithunzi ndi zake, koma mawu analemba ndi Bill Martin Jr., mu 1967. Apo ndi pamene tinakambirana koyamba kusiyana kwa wolemba ndi wojambula, nkhani imene kale ndinkaifotokoza ana n'kumangondiyang'ana. Mawa lake tinapaka utoto pa mapepala, tinadula, tinamata. Guluu anatha, pansi panada, koma mbozi zawo zidakali pakhoma.

Mukakhala ndi ndalama ya mabuku awiri okha, tengani From Head to Toe ndi The Very Busy Spider, aakulu. La kambozi ndikufuna kuligulanso lalikulu teremu ikubwerayi, ndione ngati lingakwere.